Kutengera ana ku gadeni ya Walter Sisulu ku Roodepoort: konzani chonchi kuti musakangojambulitsa basi

Abale anga a kuno ku Joni, makamaka inu amene muli ndi ana obadwira konkuno kapena munabwera nawo akadali kumsana, nkhani iyi ndi yanu. Ana athuwa Clearwater Mall akuidziwa geti iliyonse, koma afunseni kuti madzi apampopi amachokera kuti, kapena nkhanga imaoneka bwanji isanalowe mupoto, angokuyang'anani. Ndiye ku Roodepoort kuli malo otchedwa Walter Sisulu National Botanical Garden, gadeni ya boma ili m'munsi mwa phiri la Roodekrans, muli mathithi, muli ziwombankhanga zakuda zomwe zimaswera pathanthwe anthu akuona ndi maso, koma ambiri a ife tikapitako ndi nkhani ya zithunzi za chinkhoswe basi, kuima pakapinga, kumwetulira, kubwerako osaona kanthu. Ndikufuna ndikuuzeni mmene mungakonzere ulendo woti ana akabwereko ataphunzira zenizeni, ndi ife akuluakulu omwe, makamaka amene timagwira za m'gadeni kwa mabwana.

Choyamba dziwani kaye kuti mukupita kuti, chifukwa mwana akakufunsani musamati "ndi paki". Si paki ngati Zoo Lake yomwe anthu amakaotcha nyama. Malowa anakhazikitsidwa mu 1982, anatsegulidwa kwa anthu mu 1987, nthawi imeneyo dzina lake linali Witwatersrand National Botanical Garden, ndiye mu 2004 anawapatsa dzina la Walter Sisulu, mkulu uja wa ANC amene anamangidwa limodzi ndi Mandela pa mlandu wa Rivonia mu 1964, anatuluka mu 1989 n'kumwalira mu 2003. Amayendetsa ndi a SANBI, bungwe la boma loona za zachilengedwe, omwenso amayendetsa Kirstenbosch ya ku Cape Town. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 300, koma gawo lodzalidwa ndi manja ndi laling'ono, kwinako ndi tchire ndi phiri zomwe anangozisiya mmene zinalili mzinda usanazizungulire. Mitundu ya zomera zomwe zimamera zokha imaposa 600, ya mbalame imaposa 200. Ndipo zomwe amadzala ndi za kuno kumwera kwa Africa, musayembekezere maluwa a rozi ambwee, amenewo pitani ku Emmarentia.

Chachiwiri sankhani mwezi, osangoti "tipite wikendi ino". Ngati cholinga ndi ziwombankhanga, nthawi yabwino ndi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka September, chifukwa zimaikira mazira cha mu April kapena May, mwana amaswa cha mu June, ndipo amayamba kuuluka cha mu September. Nthawi yomweyonso ya June ndi July ndi pomwe ma aloe amachita maluwa ofiira aja, timbalame tamilomo yopindika tomwa timadzi ta m'maluwa timangoti piringupiringu. Koma udzu umakhala wouma, mathithi madzi ochepa, ndipo m'mawa kumazizira kwambiri m'chigwa muja, ana avale majuzi. Ngati mukufuna zobiriwira ndi madzi ambiri pitani kuyambira November mpaka March, koma mukudziwa nokha mvula ya Joni, m'mawa kuli ngwee, ikamakwana 3 koloko masana mitambo yakuda ndi ziphaliwali, ndiye kukwera phiri kukhale kwa m'mawa. Ine ndimakonda kumapeto kwa August kapena September, mwana wa chiwombankhanga amakhala wakula akuyesa mapiko pachisa, mitengo ikuphukira, mvula isanayambe.

Tsiku lake, ngati off yanu imagwa pakati pa sabata muli ndi mwayi, kumakhala phee. Koma poti ana ali ku sukulu ambiri tidzapita Loweruka kapena Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Loweruka ndi bwino, Lamulungu masana kumadzaza, ndipo masiku ena kumakhala makonsati. Geti amatsegula 8 koloko m'mawa, kulowa amasiya 5 koloko madzulo. Fikani ndi 8 yomweyo, osati 8 ya kwathu ija kkkk.

Chachitatu ndalama ndi thiransipoti. Pageti amalipiritsa, ana mtengo wawo ndi wotsikirapo, ndipo mitengo imasintha ndiye sabata yomwe mukupita muone pa webusayiti ya SANBI kapena imbani foni, mufunsenso ngati akulandira kashi kapena khadi lokha. Ngati muli gulu, kaya Sande sukulu, kaya madrasa, kaya gulu lathu la maliro lija lomwe timasonkha mwezi ndi mwezi, sankhani munthu mmodzi atolere ndalama kudakali sabata, asamatolere pageti anthu akukankhana. Mukakhala ndi ana ambiri imbani msanga mufunse za gawo la maphunziro, ali ndi malo awo ophunzitsira ana a sukulu za chilengedwe ndipo magulu amabukitsa pasadakhale kuti apatsidwe wowayendetsa. Gadeniyi ili kumapeto kwa Malcolm Road ku Poortview, mukapatuka pa Hendrik Potgieter. Taxi sikusiyani pageti, ndiye ochokera m'tauni, Yeoville, Rosettenville, Mayfair, njira yosavuta ndi kufika mbali ya Clearwater kapena Ruimsig n'kuitana Bolt kapena Uber anthu anayi anayi. Anzathu a ku Cosmo City, Zandspruit ndi Honeydew muli pafupi, musadandaule. Mukakwana 15 kambiranani ndi mwini taxi akutengeni n'kudzakutenganinso, mugwirizane nthawi yobwerera musanatsike, theka la ndalama muzimupatsa pobwerera. Mapasipoti ndi mapepala anu musasiye, pamsewu mukudziwa kale mmene zimakhalira.

Chachinayi zonyamula. Nsapato zotseka zogwira pansi, amayi chonde masilipasi ndi zogogoda zisiyeni, njira yakuphiri ndi miyala yokhayokha. Madzi botolo aliyense, zipewa, chitenje kapena bulangeti choyala, chakudya chophikiratu kunyumba, mpunga, chipisi, mandasi, mazira owiritsa, zilizonse, chifukwa moto saloleza, mbaula ndi braai iwalani. Resitilanti ilipo koma ndi ana 12 bajeti itha musanaone mathithi. Tengani mapepala apulasitiki a zinyalala chifukwa lamulo lake ndi loti zomwe mwabwera nazo mubwerere nazo. Galu ayi, mpira ayi, sipika ija mumayenda nayo paliponse ayi, kusambira m'madzi ayi, kuthyola duwa, tsamba, kutola njere kapena kukumba kanthu ayi. Ndipo mwana aliyense akhale ndi kope ndi pensulo, ichi ndiye chofunika kuposa zonse, chifukwa mwana wopanda chogwira m'manja amangothamanga.

Mukalowa musathamangire ku mathithi ngati mmene aliyense amachitira. Imani pa mapu, jambulani ndi foni, gawani ana m'timagulu ta anayi kapena asanu, kagulu kalikonse wamkulu mmodzi, awerengeni. Kenako pezani mtengo woyamba womwe uli ndi kachikwangwani muwaphunzitse kuwerenga. Pamakhala dzina la sayansi la mawu awiri, banja la chomeracho, ndi maina a zilankhulo za kuno. Ntchito yawo tsiku lonse ikhale iyi: mwana aliyense asankhe mitengo 5, alembe dzina, ajambule tsamba ndi pensulo, akhudze khungwa alembe kuti ndi losalala kapena lokhakhala. Isanu basi, osati 30, mukachulutsa saphunzira ngakhale umodzi. Yambani ndi Celtis africana, mtengo waukulu wakhungwa losalala lotuwa womwe umapereka mthunzi m'mbali mwa mtsinje, chifukwa akauzindikira akauonanso m'misewu ya Joni. Mukapeza wolembedwa Ziziphus mucronata imani muwauze kuti uyu ndi kankhande wathu yemwe uja, m'bale wake wa masau, aonetseni minga yake iwiriiwiri, wina woongoka wina wokhota, amene tinaweta mbuzi timaidziwa bwino minga imeneyo.

Kenako pitani ku gawo la ma cycad, apa khalanipo ndithu. Anthu ambiri amawadutsa poganiza kuti ndi timigwalangwa tatifupi, koma ayi, si banja limodzi n'komwe. Mtundu wa zomera izi unalipo kale nthawi ya ma dinosaur, ana akangomva zimenezo amatchera khutu. Sachita maluwa, amatulutsa chinthu pakati pake chooneka ngati chinanazi chachikulu, ndipo pali mtengo wamwamuna ndi wamkazi payekhapayekha, tizilombo ndi timene timanyamula ufa kuchoka kwa wamwamuna kupita kwa wamkazi. Amakula pang'onopang'ono kwambiri, mtengo wofika m'chiuno ukhoza kukhala wamkulu kuposa agogo anu. Auzeni nkhani ya Encephalartos woodii, mu 1895 John Medley Wood anapeza mtengo umodzi wokha kunkhalango ya Ngoye ku KwaZulu-Natal, wamwamuna, wamkazi sanapezekepo mpaka lero, ndiye onse amene ali m'magadeni padziko lonse ndi mphukira za mtengo umodzi womwewo, sungabereke njere. Kutchire unatha. Afunseni anawo kuti zikanakhala bwanji pakanapanda magadeni ngati ino, asiyeni ayankhe okha, musawayankhire. Ndipo kwathu tili naye wathu, Encephalartos gratus, amamera m'munsi mwa phiri la Mulanje. Njere za ma cycad zokongolazo ndi poizoni, mwana asaike mkamwa.

Apa achimwene anga a m'magadeni ndimvereni bwino. Ma cycad kuno ndi otetezedwa ndi lamulo, kukhala nawo, kugulitsa, kupatsa munthu kapena kunyamula pa bakkie pamafunika pemiti. Amabedwa kwambiri chifukwa olemera amagula ndalama zambiri, mu 2014 akuba analowa mpaka mu Kirstenbosch n'kuzula oposa 20. Ndiye bwana akakuuzani kuti kumba uwu ukausiye kwa mnzanga ku Fourways, funsani mwaulemu kuti pepala lake lili kuti, chifukwa pa rodibuloko amene ali ndi mtengowo m'manja ndi inu, mlendo, osati bwana. Chimodzimodzi munthu akakupezani kuti ndikupatsa R500 undizulire kamodzi pa yadi yomwe umagwira, kanani.

Tsopano mathithi. Amatchedwa Witpoortjie, madzi amagwa mamita pafupifupi 70, njira yake kuchokera pageti ndi yosalala, agogo ndi ma pram amafika bwinobwino. Zithunzi jambulani, sindikukanizani, koma mukamaliza khazikani ana pansi chete kwa mphindi 10 ayang'ane kumwamba pathanthwe. Fufuzani pomwe mwala wayera ndi zitosi, pafupi pake muona mulu wa nkhuni, chimenecho ndi chisa. Mbalame zake ndi Verreaux's eagle, zakuda bii, kumsana zili ndi choyera chooneka ngati chilembo V, mapiko zikatambasula ndi mamita awiri, yaikazi ndiyo yaikulu kuposa yaimuna. Mawikendi ambiri pamakhala anthu ongodzipereka a Black Eagle Project Roodekrans ndi makina awo oonera patali, amalola ana kusuzumira ndipo amakonda kufunsidwa, musachite manyazi ndi Chingerezi, ana anu akumasulirani.

Nkhani yomwe ana saiwala ndi ya mazira. Yaikazi imaikira awiri, motalikirana masiku angapo, imafungatira masiku pafupifupi 45, ndiye woyamba kuswa amakhala wamkulu kale wachiwiri akamatuluka, amamujompha mpaka kufa, makolo ali pomwepo osaletsa. Ana amakwiya akamva zimenezi, ena mpaka misozi, ndipo padzapezeka wina wonena za Kaini ndi Abele, azungu omwe amazitchula choncho. Musathamangire kuwauza kuti mbalameyi ndi yoipa mtima. Afunseni kuti chakudya cha ana awiri aakulu chonchi chingachokere kuti. Dzira lachiwiri lija ndi lodikirira ngati loyamba lasukusa. Wotsalayo amakhala pachisa miyezi itatu ndi masiku pang'ono, akauluka makolo amamudyetsabe kanthawi, kenako chaka chikamatha amamuthamangitsa akafune phiri lake.

Ndiye apa ndi pomwe phunziro la kusamala chilengedwe limalowa lokha popanda kulalikira. Chakudya chenicheni cha mbalame izi ndi mbira za m'mapiri zija, koma nyumba zamangidwa mbali zonse, Ruimsig, Noordheuwel, ma estate akungokwera chitunda, malo osakira akuchepa, ndiye zimadalira kwambiri nkhanga, nkhwali ndi akalulu a m'miyala. Mpanda wa gadeni sutsekera chiwombankhanga mkati, chimasaka kutali kunja kwa mpanda, ndiye tchire la kunjalo likatha gadeni yokha singazisunge. N'chifukwa chake anthu akhala akulimbana kuti zitunda zoyandikana nazo zisamangidwe zonse. Pa zitunda zomwezo pamamera kaduwa kosowa kwambiri ka mtundu wa orchid komwe anakapatsa dzina la Albertina Sisulu, mkazi wake wa mwini dzina la gadeniyi. Mbalame yaikazi yotchuka inali Emoyeni, inakhala pathanthwe limeneli kuyambira m'ma 1970 mpaka 2016, pomwe inalowedwa m'malo ndi ina yotchedwa Makatsa, tangoganizani mbalame imodzi kuona mzinda wonse ukumera moizungulira.

Mukapuma, amene ali ndi mphamvu kwerani. Pambali pa mathithi pali njira ya masitepe yokwera pamwamba, ndi yotsetsereka ndithu, ana osakwana zaka 6, amayi oyembekezera ndi a BP atsale pansi ndi wamkulu mmodzi aziona akamba omwe amayendayenda pakapinga (kuwanyamula ayi, ndipo achimwene musayambe kuwerengera ndiwo). Okwera, wamkulu mmodzi kutsogolo wina kumbuyo, palibe kupatuka panjira, palibe kusuzumira kuphompho chifukwa cha selfie. Njoka zilipo, ndi kwawo, mukaiona imani ipite, osagenda. Mukatsika muyang'ane ana m'miyendo ngati mulibe nkhupakupa, makamaka nthawi ya mvula.

Pokwerapo aonetseni miyala. Ili mizeremizere yopendekeka, ina yoyera yolimba ina yofiirira yofumbutuka, inayamba ngati mchenga ndi matope pansi pa nyanja zaka pafupifupi 3 biliyoni zapitazo. M'miyala ya chitunda chomwechi cha Witwatersrand ndi momwe anapeza golide mu 1886, n'kubadwa Joni, n'kuyamba ulendo wa agogo athu wa Wenela ndi Theba. Mwana adziwe kuti mwala waupondawo ndi umene unabweretsa agogo ake kuno, ndipo mwina n'chifukwa chake iyenso ali kuno. M'gadeni momwemo mulinso kagawo komwe anaikapo miyala ikuluikulu yamitundumitundu ndi maina ake, otsala pansi akhoza kuonera pamenepo.

Pamwamba chitani ichi, ana amachikonda. Thirani madzi pang'ono pansi muwafunse kuti apita kuti. Madzi a mathithi awa ndi chiyambi cha mtsinje wa Crocodile, amapita kumpoto, kulowa damu la Hartbeespoort, kukathira mu Limpopo, mpaka nyanja ya Indian ku Mozambique kufupi ndi Xai-Xai. Koma mvula yogwa kuseri kwa chitunda, mbali ya Soweto, imatsata Klip, kulowa Vaal, kulowa Orange, kukathira ku Atlantic. Mtambo umodzi, nyanja ziwiri. Ndipo botolo lomwe lingatayidwe mu dreni kumtunda kuno limadutsa pa mathithi pomwepa, mukayang'ana m'mbali mwa mtsinje mvula ikagwa muona mapulasitiki atakodwa m'mizu, si a m'gadeni ayi, abwera ndi madzi kuchokera m'makomo.

Yang'ananinso udzu. Ife tinazolowera kuti chilengedwe ndi mitengo, pomwe palibe mitengo timati ndi malo ogonera, tilimepo kapena tidzalepo bulugamu. Koma kuno ku Highveld mwini malo ndi udzu, ndipo mtundu wa tchire lotchedwa Egoli Granite Grassland latsala pang'ono kwambiri chifukwa mzinda wakhala pamwamba pake. Gwadani pansi ndi ana muwerenge mitundu ya zomera pamalo pongokwana chitenje chimodzi, mudabwa. Zambiri moyo wake uli pansi, zili ndi zimizu ndi timbatata tomwe timapirira chisanu ndi moto, moto ukadutsa zimaphuka n'kuchita maluwa mvula isanagwe n'komwe. N'chifukwa chake oyang'anira malo ngati awa amatentha dala zigawo zina mosinthanasinthana, atalambula m'mbali, pa nthawi yake. Koma fotokozani bwino apa, ana asakamve kuti moto ndi wabwino basi, kutentha kwa dongosolo n'kosiyana ndi kuja kwa kwathu kotentha phiri lonse chaka ndi chaka chifukwa cha mbewa. Khasu ndi buludoza ndiye zimapheratu, tchire lotere mukalitembenuza kamodzi silibwerera mmene linalili. Mitengo yaifupi yokhotakhota yamasamba okhuthala yomwe muione pamwambapo ndi ma protea, Protea caffra, abale ake aliponso ku Nyika, ku Zomba ndi ku Mulanje.

Mukatsika yalani zitenje mudye. Nthawi ya chakudya ndi yomwe ine ndimalowetsa za kwathu, chifukwa mwana akangoona za eni ake amaganiza kuti ku Malawi kulibe kanthu koma fumbi ndi maliro, poti n'zomwe amamva tikamayankhula pafoni. Muuzeni kuti phiri mwakwerali ndi kachulu chabe poyerekeza ndi Mulanje, Sapitwa ndi mamita 3,002. Muuzeni kuti nafenso tili ndi gadeni yotere ku Zomba m'munsi mwa phiri, mtsinje wa Mulunguzi ukudutsa mkati, inayamba m'ma 1890 ndi Alexander Whyte, yakale kuposa Kirstenbosch ya 1913, ndipo pano ili m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Ndiye muuzeninso zowawa, mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, womwe mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko koma paphiri limenelo, tinaucheka mpaka kafukufuku wa 2017 anapeza ikuluikulu 7 yokha itaima. Pano a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira akufesa m'manazale n'kukadzala mbande kuphiri, koma moto ndi umene ukuvutitsa. Amene tinaona Ndirande ali ndi mitengo tikudziwa mmene phiri limavulira, ndipo za Chilobwe ndi Soche nthawi ya Freddy mu March 2023 sindichita kukumbutsa, ambiri tinasonkha ndalama za maliro konkuno. Musachite ulaliki wautali, ana ali ndi mpunga mkamwa, mphindi zisanu zakwana.

Masana dzuwa likapendeka pitani ku damu, kuli kanyumba kobisalamo poonera mbalame. Lamulo ndi limodzi, chete. Lowani kagulu kamodzi kamodzi, mupeza azungu achikulire ndi makamera aataliatali, apatseni ulemu. Mwana aliyense awerenge mitundu yomwe waona, maina asavutike nawo, alembe kuti yakuda yamlomo woyera, yachikasu yoluka chisa, zokwanira.

Ife a m'magadeni tikhale ndi kope lathulathu. Zungulirani gawo la zomera zosafuna madzi ambiri ndi la ma aloe, jambulani chomera pamodzi ndi chikwangwani chake, mukafika kunyumba lembani dzinalo pa PlantZAfrica, ndi tsamba la SANBI lomwelo, limafotokoza kadzalidwe, kafesedwe, ngati chimapirira chisanu, zonse ulele. Pa foni ikaninso iNaturalist, mukajambula chomera kapena kachilombo anthu odziwa amakuuzani dzina. Madzi mu Joni akuvuta, mabwana ambiri akuchotsa kapinga n'kufuna zomera za konkuno, ndiye munthu amene angauze adona kuti apa pamthunzi tiike Clivia, apa padzuwa tiike aloe ndi spekboom, ameneyo samalipidwa mofanana ndi wongotchetcha. Phunziraninso adani: bugweed wamasamba aubweya uja, lantana, black wattle, pompom wamaluwa apinki yemwe akudzaza m'misewu nthawi ya dzinja. Zonsezi zinachokera kunja, kuno zilibe chozidya, zimapha za eni nthaka, ndipo lamulo limati mwini yadi azichotse. Pompom musamangotchetcha akachita maluwa, mukufalitsa njere, dulani mitu muike m'thumba kaye. Ndipo zinyalala za m'gadeni musakataye kudambo kapena kuseri kwa mpanda, njira yomwe zimathawira kulowa m'tchire ndi imeneyo. Kuli gawo linanso la zomera za mankhwala ndi zakudya, amayi amalikonda, mukaona African potato ija imagulitsidwa milumilu kumsika wa mankhwala azitsamba wa Faraday ili moyo ndi timaluwa take tachikasu, muganize kuti milu ija imakumbidwa kuti.

Chinthu china chomwe chimatigwira ife a Malawi ndi dzanja, ukaona chomera chokongola mtima umati kanthambi kamodzi ndikadzale kumudzi. Mkati muja musathyole, mukagwidwa mwachititsa manyazi gulu lonse. Mukafuna gulani ku nazale, mbali ya Muldersdrift aliko ambiri ogulitsa zomera za konkuno. Koma zogulazo dzalani konkuno, osazikulunga m'chikwama pa basi ya ku Blantyre, kudutsa ndi chomera pa Beitbridge, Mwanza kapena Dedza pamafunika chikalata cha a zaulimi, ndipo si nkhani ya mapepala yokha. Namasupuni uja watseka Shire n'kumavutitsa magetsi ku Nkula kwawo ndi ku South America, anafalikira chifukwa anthu anakopeka ndi duwa lake, ndipo ndi yemweyo wadzaza pa Hartbeespoort pomwe madzi a mathithi aja akupita. Dothi la m'kachubu nalonso limanyamula tizilombo ndi matenda osaoneka.

Ikamakwana 4 koloko yambani kulongedza, ana atole zinyalala pomwe munakhala ngakhale zomwe si zanu, awerengeninso musanatuluke geti, ndipo a Bolt itanani mukadali mkati chifukwa madzulo a wikendi aliyense akuitana nthawi imodzi. Makope aja musawasiye m'taxi. Sabata yotsatira ku Sande sukulu kapena pa gulupu ya WhatsApp mwana aliyense abweretse chithunzi cha mtengo umodzi mwa isanu ija womwe waupeza mumsewu wa kwawo kapena pa sukulu, amene apeze Celtis woyamba mugulireni ayisikilimu. Ndipo ngati munapita mu June mwana wa chiwombankhanga ali kaubweya koyera, yambani kusonkha pang'onopang'ono za September kuti akamuone akuuluka, nthenga zake zimakhala zabulauni osati zakuda, muwauziretu asakakangane nanu kuti si yemweyo.